Ophunzira athu awoloke kaye Mwami ndi Dedza asanalote za London

Chithunzi chake tonse timachidziwa. Akuluakulu awiri atchena masuti, akhala kuseri kwa tebulo, timbendera tiwiri tili patsogolo pawo, aliyense wagwira cholembera, ndipo m'munsi mwake nyuzipepala yalemba kuti yunivesite yathu yasainirana mgwirizano ndi yunivesite ya kunja woti azithandizana pa kafukufuku komanso azisinthana ophunzira. Chikangotuluka chithunzichi, mkangano umabuka pa Facebook ndi m'mapologalamu oimba foni a pa wailesi. Ena amaombera m'manja, amati dziko likutseguka. Ena amati ndi njira yopezera maulendo a pandege ndi maalawansi basi, ndipo ana anzeru amene apiteko sitidzawaonanso. Mkanganowu unakula kwambiri mu 2025 pamene boma la America linadula thandizo lodzera ku USAID, ntchito zambiri zimene zinkadalira ndalamazo n'kuima mwadzidzidzi, kuphatikizapo zina za m'mayunivesite. Pamenepo anthu ambiri anayamba kunena poyera kuti khasu lobwereka silichedwa kuthyoka, bola tingokhala patokha.

Ine sindikugwirizana ndi zokhala patokhazo. Ndikunena kuti kutumiza ophunzira kunja ndi kulandira a kunja ndi mbali ya maphunziro enieni, monga momwe zilili labotale ndi laibulale, ndipo yunivesite imene sichita zimenezi ikuwamana ana ake. Koma ndikunenanso kuti nkhope tinailozetsa kolakwika. Tikamva mawu oti kusinthana ophunzira, maganizo amathamangira ku London, Beijing kapena Washington, kumene kumapita anthu owerengeka, pa ndalama za eni ake, pa mfundo za eni ake. Kusinthana kumene tingakukwanitse, kumene kungafikire ana ambiri, kuli ku Lusaka, Kitwe, Morogoro, Harare, Nampula ndi Maputo. Kukhale kwa semesita imodzi, mwana akhoze maphunziro kumeneko n'kuwerengedwa kuno, anzathuwo atumizenso awo, ndipo gawo lathu la ndalama lichokere m'thumba lathu.

Dandaulo limene limamveka kwambiri ndi loti opitawo sabwerera, ndipo ndiyamba nalo chifukwa si lopanda pake. Boma limaphunzitsa mwana kuyambira sitandade 1 pa misonkho ya mlimi wa fodya ndi mayi wogulitsa tomato, kenako mwanayo akafika poti athandize, amakathandiza odwala a dziko lolemera. Anamwino athu ambiri anapita ku Britain kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, zipatala zathu n'kutsala pa moto. Nthabwala yoti madokotala a Chimalawi ndi ochuluka ku Manchester kuposa kuno inali yokokomeza, koma inafala chifukwa inkakhudza chilonda chenicheni. Amene amanena zimenezi sadana ndi maphunziro ayi. Aona zipinda za odwala zopanda namwino usiku.

Komabe mbiri yathu yomwe ikusonyeza kuti chimene chimasowetsa munthu si kupita kokha, koma kutalika kwa ulendo ndiponso ngati kumudzi kuli choti abwerere. John Chilembwe anachoka kuno mu 1897, anakaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, ndipo mu 1900 anali atabwerera kale, akumanga mishoni ku Mbombwe, ku Chiradzulu. Kamuzu Banda anaphunzira ku Chicago, anatsiriza za udokotala ku Meharry mu 1937, anapitiriza ku Edinburgh, n'kugwira ntchito ku Liverpool, London ndi Kumasi, ndipo anabwera kuno pa 6 July 1958 atakhala kunja zaka zoposa 40. Chitsanzo chondigwira mtima kwambiri ndi cha sukulu ya udokotala ku Blantyre. Isanatsegulidwe mu 1991, dokotala aliyense wa Chimalawi ankaphunzira kunja kuyambira chaka choyamba mpaka chomaliza, ndipo ambiri ankakhazikika komweko. Anthu anzeru amene anayambitsa College of Medicine sanatseke zitseko. Anagwirizana ndi mayunivesite a ku St Andrews, London, Adelaide ndi Cape Town kuti ophunzira akachite zaka zoyambirira kumeneko, kumene kunali malabotale, kenako abwere adzatsirizire pa odwala athu ku chipatala cha Queen Elizabeth. Pang'onopang'ono maphunziro onse anasamukira kuno, ndipo lero sukuluyo ndi mbali ya yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, imene imaphunzitsanso ana a mayiko ena. Choncho mankhwala a kusowa kwa madokotala anapezeka mu mgwirizano ndi mayunivesite a kunja womwewo, kungoti unakonzedwa moti digiri ikhale ya kuno ndipo mizu ikhale kuno.

N'chifukwa chake ndikuumirira pa semesita imodzi. Mwana wa chaka chachitatu amene wapita ku Lusaka miyezi inayi wasiya kuno anzake, mphunzitsi womuyang'anira pa kafukufuku, mwinanso chibwenzi, ndipo digiri yake akalandirira ku Zomba kapena ku Bunda. Madzi saiwala khwawa. Amene amasowa ndi uja tamutumiza zaka zisanu, wakwatira komweko, ana ayamba sukulu komweko, ndipo akalemba kalata yofunsa ntchito kuno palibe womuyankha. Ngakhale kwa ochita digiri ya udokotala wa maphunziro (PhD), njira imene yathandiza mayunivesite ambiri a mu Africa ndi yoti munthu alembetse kwawo kapena achite kafukufuku wake kwawo, n'kumapita kunja miyezi ingapo kukagwiritsa ntchito zipangizo zimene kwawo kulibe. Komanso tisadzinamize, munthu wofuna kuthawa safuna yunivesite kuti imutsegulire njira. Mabasi opita ku Joni amadzaza tsiku lililonse ndi anthu amene sanasainiridwe mgwirizano uliwonse.

Gulu lachiwiri la otsutsa ndi la anthu ophunzira, ena a iwo aphunzitsi a m'mayunivesite momwemo, ndipo mfundo yawo ndi yakuthwa. Iwo amati mgwirizano wa wolemera ndi wosauka ndi wa bwana ndi wantchito. Funso lofufuza limakonzedwa ku Ulaya kapena ku America, ndalama zimasungidwa komweko, athu amayenda m'midzi kufunsa mafunso ndi kutenga magazi, magaziwo amakwera ndege, ndipo zotsatira zikasindikizidwa dzina la Mmalawi limakhala pakati penipeni pa mndandanda, pamene palibe amene amayang'ana. Amatinso mawu oti kusinthana ndi onyenga: ophunzira a udokotala a ku Ulaya amabwera mwaunyinji kudzaphunzira pa odwala athu, amangodinditsa pasipoti pabwalo la ndege, pamene mwana wathu wofuna kupita kwawo milungu iwiri yokha amafunsidwa sitetimenti ya kubanki imene ngakhale bambo ake sanaionepo. Zonsezi ndi zoona, ndipo zitseko zikunka zitsekeka. Kuyambira mu January 2024 dziko la Britain linaletsa ophunzira ambiri a kunja kutenga mabanja awo, ndipo mu August 2025 dziko la America linaika Malawi ndi Zambia pa mndandanda wa mayiko amene nzika zake zingauzidwe kupereka chikole chofika madola 15,000 pofuna viza ya ulendo waufupi, yomwe ndi imene mphunzitsi amayendera popita ku msonkhano wa akatswiri.

Ndikuvomera zonsezo, koma sindivomera kuti tsono tithetse ubale. Tiwerenge zimene zatsala kuno. Njira yoyezera kukomoka kwa mwana wodwala malungo a mu ubongo, imene madokotala a m'mayiko ambiri amagwiritsa ntchito, ili ndi dzina la Blantyre chifukwa inakonzedwa ku chipatala cha Queen Elizabeth kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor wa ku Michigan State University, pamodzi ndi anamwino ndi madokotala a kuno. Kafukufuku wotchedwa HPTN 052, amene mu 2011 anasonyeza kuti munthu akayamba msanga kumwa ma ARV mwayi wopatsira mnzake wa m'banja kachilombo umatsika ndi 96 peresenti, anachitikiranso ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Katemera wa taifodi anayesedwa pa ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa kuyambira mu 2018 kudzera ku bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome, ndipo mu 2023 boma linamufikitsa kwa ana a dziko lonse. Kamakina kothandiza makanda obadwa masiku asanakwane kupuma, kotchedwa Pumani, kanachokera mu ubale wa Rice University ya ku Houston ndi chipatala cha Queen Elizabeth, ndipo ubalewo unabala malo opangira ndi kukonzera zipangizo ku Polytechnic, imene lero ndi MUBAS, kumene ophunzira a mbali zonse ziwiri amagwira ntchito limodzi. Maphunziro a madokotala a mano anayamba kuno mu 2019 mothandizana ndi University of Glasgow. Mayi amene mwana wake wapulumuka ndi Pumani ku chipatala cha boma sangamvetse munthu wonena kuti ubale wotere ndi wachabe.

Chimene ndikutolapo pa zitsanzozi n'chakuti ubale wopindulitsa ndi umene watha zaka zambiri pa malo amodzi, wamanga nyumba, waphunzitsa anthu, mpaka ophunzitsidwawo kuyamba kutsogolera. Wachabe ndi uja wa chithunzi chimodzi, wosainidwa pa hotela, pepala lake n'kukagona mu kabati. Tsono kusalingana kwa mphamvu sikuthetsedwa ndi kunyanyala. Kumathetsedwa pokambirana usanasaine: ndani asunge zotsatira, ndi Amalawi angati atuluke ndi digiri, makina akatha ntchito atsala kuti, ndipo pa mwana aliyense wa kwanu wobwera kuno, wathu wopita kwanu alipirira ndani. Wopempha sakhala ndi pakamwa pofunsira mafunso amenewa. Amafunsa ndi amene wabwera ndi kake m'manja, ngakhale kochepa, komanso amene ali ndi abwenzi ena oti n'kupitako akakanidwa. Apa ndiye pamene anansi athu akulowera m'nkhaniyi.

Ndikudziwa kuti pali ena amene akumwetulira monyoza pofika apa. Amati tikaphunzira chiyani kwa osauka anzathu? Mwana wochoka pa hositelo yothithikana ku Mzuzu kupita pa hositelo yothithikana ku Lusaka wapindulanji? Maganizo amenewa ndi ozika mizu kwambiri, moti kholo limakonza phwando mwana akapita ku koleji yosadziwika ya ku Ulaya, koma limangoti "chabwino" akapita ku yunivesite ya Makerere ku Uganda. Yankho langa ndi loti tiyang'ane mavuto amene amatisowetsa tulo, tione ngati ali ndi pasipoti. Namondwe wa Freddy mu March 2023 analowera kufupi ndi Quelimane asanadzagumule mapiri a Soche ndi Mulanje. Kolera imene inapha anthu oposa 1,700 kuno mu 2022 ndi 2023 inavutanso ku Mozambique, kenako ku Zambia ndi Zimbabwe. Mbozi zowononga chimanga zinafika m'chigawo chonse nyengo imodzi. Nyanja yathu timagawana ndi Tanzania ndi Mozambique, mtsinje wa Shire umathira mu Zambezi, mafuta a galimoto amadzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, njanji yochokera ku Moatize imadutsa ku Nkaya ndi Nayuchi, ndipo nthambo za magetsi zochokera ku Matambo ku Tete zikudzathera pa Phombeya ku Balaka. Injiniya, katswiri wa za nyengo kapena loya wa zamalonda amene adzagwire ntchito pa zinthu zimenezi adzakhala pa tebulo ndi anthu a ku Maputo, osati a ku Manchester. Ndi angati mwa omaliza maphunziro athu amene angapereke moni wa Chipwitikizi, kusiya zowerenga kontrakiti?

Komanso si zoona kuti anzathuwa alibe chimene ife tilibe. Boma likuimba nyimbo ya migodi tsiku ndi tsiku, ya Kayelekera, ya Kangankunde, ya Kasiya, pamene anthu a ku Zambia akumba mkuwa kwa zaka pafupifupi 100, ndipo University of Zambia ndi Copperbelt University ya ku Kitwe zili ndi masukulu a za migodi, ya ku Kitweyo ili pafupi ndi migodi yeniyeni. Mwana wathu wophunzira za miyala atakhala ku Kitwe miyezi inayi angaone ndi maso mmene mgodi umalemeretsera dziko ndiponso mmene umaipitsira mtsinje wa Kafue, zinthu zimene m'buku zimangokhala ziganizo ziwiri. Sukulu ya madokotala a ziweto ya ku Lusaka ndi yakale kuposa yathu. Ku Morogoro kuli Sokoine University of Agriculture. Nafenso tili ndi zoti anthu atiyendere: ukatswiri wa za nsomba ku yunivesite ya zaulimi ya LUANAR, umene unasankhidwa kukhala likulu la chigawo mu pologalamu ya Banki Yaikulu Padziko Lonse, kafukufuku wa malungo ndi matenda a ana ku Blantyre, tiyi ku Thyolo ndi Mulanje, ndi nyanja yokhala ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse yopanda mchere. Pakati pa ife ndi iwo mawu oti kusinthana ali ndi tanthauzo, chifukwa aliyense ali ndi chopereka ndipo palibe amene amagwada pofunsira viza.

Chimene chimandiseketsa, komanso kundimvetsa chisoni, n'chakuti agogo athu anatitsogolera kale. Mwezi wa August chaka chilichonse Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika, ku Katete, pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Mafumu amawoloka, Gule Wamkulu amawoloka, amayi amawoloka ndi mabeseni a ufa pamutu. Pamsika wa Lizulu kapena Tsangano munthu amagula mbatata ali dziko lina n'kulandira chenji ali dziko lina. Ku Ulónguè, m'boma la Angónia, kungodutsa malire a Dedza, kuli nthambi ya zaulimi ya Universidade Zambeze, pakati pa anthu olankhula chilankhulo chathu chomwechi, olima chimanga, nyemba ndi mbatata pa nthaka yofanana ndi ya ku Bembeke. Kuchokera ku Bunda ndi ulendo wa maola ochepa pa galimoto. Wophunzira wathu wa zaulimi amadziwa mayina a mayunivesite a ku Norway ndi Michigan, koma mufunseni za Ulónguè muone mmene akuyang'anireni.

Tsopano tifike pa ndalama, pamene pali mfundo yolemera kuposa zonse. Otsutsa amati n'kupanda chifundo kukamba za maulendo pamene ana akusiya sukulu chifukwa cha fizi, bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira silikwanitsa kuthandiza onse opempha, ena amadya kamodzi pa tsiku, ndipo ambiri amagona m'tinyumba ta lendi ku Chikanda ndi malo ena otero chifukwa mahositelo ndi ochepa. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama zakunja n'zosowa, ndiye madola otumizira ana kunja achokera kuti? Munthu aliyense amene analipirirapo mphwake fizi akumva kulemera kwa funsoli, ndipo ine sindingayankhe mwachibwana. Zikanakhala kuti tikukamba za tikiti ya ndege yopita ku Ulaya ndi lendi ya mapaundi, ndikanakhala mbali yawo.

Koma tawerengerani mtengo wa chimene ndikunenacho. Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 700, ulendo wa tsiku limodzi pa basi kudzera pa Mchinji ndi Mwami, ndipo nzika ya Malawi sifuna viza polowa. Pa kusinthana kwenikweni fizi siwoloka malire: mwana wathu amalipira kuno monga mwa nthawi zonse, wa ku Zambia amalipira kwawo, ndipo amangosinthana mipando ya m'kalasi ndi mabedi. Bedi limene wasiya wathu ndi limene agonepo mlendo, choncho nkhani ya kuchepa kwa mahositelo siikulirapo. Ngongole kapena ndalama ya chakudya imene mwana amalandira kale imutsatire. Chotsala ndi basi, pasipoti, chilolezo chophunzirira ndi kandalama kowonjezera pa kusiyana kwa mitengo. Ndalama imeneyi ndi yochepa poyerekeza ndi imene imapita pa ulendo umodzi wa gulu la akuluakulu okasaina mgwirizano kutsidya kwa nyanja. Sindikupempha kuti tichotse nsima pakamwa pa wophunzira wosauka. Ndikupempha kuti pa ndalama za maulendo a kunja zimene yunivesite iliyonse ili nazo kale, gawo lina lilembedwe dzina la ophunzira.

Ndipo lamulo lake lilipo kale, linasainidwa pakhomo pathu pomwe. Mu September 1997 atsogoleri a mayiko a SADC anakumana ku Blantyre n'kusaina pangano la zamaphunziro, limene linati mayunivesite a dziko lililonse azisunga malo osachepera 5 pa 100 alionse kuti akhale a ophunzira ochokera m'mayiko ena a SADC, komanso kuti pa nkhani ya fizi ndi malo ogona ophunzirawo aziwaona ngati eni dziko. Mayunivesite ambiri a ku South Africa amatsatira mbali ya fiziyo, ndipo Amalawi ambiri apindula nayo. Bungwe la RUFORUM, limene likulu lake lili ku Makerere ku Kampala, lakhala likuyendetsa ophunzira a zaulimi a madigiri apamwamba pakati pa mayunivesite a mu Africa kuyambira mu 2004. Ngakhale mayiko a ku Ulaya amene timawasirira sanayambe ndi zazikulu. Pologalamu yawo ya Erasmus inayamba mu 1987 ndi ophunzira 3,000 ndi kanthu, ndipo mfundo yake inali yoti Mfalansa apite ku Spain, Mjeremani apite ku Italy, anansi okhaokha. Lero anthu mamiliyoni adutsamo. Ife tinatengera kwa iwo chilakolako chopita ku Ulaya, n'kusiya phunziro lenileni, loti iwo anayamba n'kuyenderana okhaokha.

Pali ena, makamaka achinyamata, amene amati zonsezi n'zachikale chifukwa intaneti inathetsa mtunda. Mphunzitsi wa ku Nairobi angaphunzitse kalasi ya ku Thyolo pa Zoom, mabuku ali pa foni, nanga basi ndi yachiyani? Mbali ina akunena zoona, ndipo kuphunzitsana kotereku kuchuluke, makamaka pa maphunziro amene dziko lonse lili ndi katswiri mmodzi kapena awiri. Koma tinaziyesa mu 2020 sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ndipo tikukumbukira amene anatsalira: wa kumudzi wopanda netiweki, wopanda ya bandulo, wodikira magetsi. Kupatula apo, pa Zoom sungalowe mu mgodi, sungagwire mimba ya ng'ombe yodwala, sungatsutsane ndi mnzako wa ku Beira mpaka pakati pa usiku za mwini wake wa madzi a Zambezi, n'kudzuka mawa kudyera mbale imodzi. Mnzako ameneyo ndi amene zaka 15 zikubwerazi adzakhale bwana pa doko, iwe uli ku unduna wa zamtengatenga, feteleza wa dziko lonse atakakamira pa sitima.

Dandaulo limene ndimaliopa kwambiri ndi la kukondera. Anthu amati mwayi ukangopezeka, opita adzakhala ana a mabwana, achibale a aphunzitsi ndi okondedwa a oyendetsa ofesi. Tonse tamvapo za masikolashipu amene chilengezo chake chimamatidwa pa bolodi Lachisanu madzulo, tsiku lotsekera lili Lolemba, mayina atasankhidwa kale. Ine ndinaonapo mtsikana wakhama, woyamba m'banja mwawo kufika ku koleji, akumva za mwayi wopita kunja anzake atanyamuka kale. Koma taonani kuti katangale wotere amakula pamene malo ndi awiri kapena atatu ndipo mphoto yake ndi ulendo wa ku Ulaya. Malo akakhala ambiri, ulendo uli wa pa basi wopita ku Kitwe, ana a mabwana sauthamangira n'komwe. Chotsala ndi kuika malamulo poyera: chilengezo chikhale mwezi wathunthu, magiredi ofunika adziwike, mayina a osankhidwa amatidwe pamodzi ndi zifukwa, atsikana asachepe, ndipo pasipoti ya mwana wa ngongole ya boma ilipiridwe ndi pologalamuyo, chifukwa mtengo wa pasipoti wokha ndi mpanda wokwanira kutsekereza mwana wa mlimi.

Chopinga chenicheni, chimene otsutsa satchula kawirikawiri, chili m'nyumba mwathu. Kusinthana ophunzira kumafuna kalendala yodalirika. Yunivesite ya ku Tanzania singatumize mwana wake ku sukulu imene sidziwa tsiku lotsegulira, ndipo ife tili ndi mbiri ya kutseka masukulu chifukwa cha sitalaka, zionetsero ndi mikangano ya fizi. Mu 2011 Chancellor College inakhala miyezi yambiri osaphunzitsa pa nkhondo ya ufulu wa aphunzitsi, nkhondo imene inali yoyenera kumenyedwa, koma kalendala inasokonekera zaka zingapo zotsatira. Kumafunanso kuti zimene mwana wakhoza kwina ziwerengedwe kuno. Anthu a ku Ulaya anagwirizana kuti chaka chimodzi cha maphunziro ndi makirediti 60 kulikonse, choncho mwana sabwereza chaka chifukwa choyenda. Kuno ngakhale kusamuka kuchoka pa yunivesite ina ya boma kupita pa inzake m'dziko lomweli ndi ntchito yaikulu, ndipo mphunzitsi wina amaona ngati kosi imene sanaphunzitse yekha si kosi. Bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba la NCHE ndi mabungwe anzake a ku Zambia, Tanzania ndi Mozambique ndi amene ayenera kukhala pansi n'kulemba kuti kosi iyi ya ku University of Zambia ikufanana ndi iyi ya ku MUBAS. Ntchito imeneyi ilibe chithunzi chokongola cha m'nyuzipepala, mwina n'chifukwa chake imachedwa.

Tiyambe ndi zochepa zoti tingaziwerenge. Dipatimenti imodzi ya za migodi isinthane ana khumi ndi Kitwe, ya zaulimi isinthane khumi ndi Ulónguè kapena Morogoro, ya zilankhulo ku Zomba itumize khumi ku Maputo kapena Nampula kukaphunzira Chipwitikizi n'kulandira khumi ofuna Chingerezi. Ubale wa Liverpool, Glasgow ndi Michigan upitirire, ndipo pokambirana nawo ulendo wotsatira tiwapemphe kuti pa bajeti ya kafukufuku aikepo mzere wa matikiti a basi a ophunzira. Aphungu a komiti ya zamaphunziro akamakumana ndi akuluakulu a mayunivesite, asamangofunsa kuti mwasaina migwirizano ingati. Afunse kuti chaka chathachi ndi ophunzira angati a digiri yoyamba amene anawoloka malire, ndi angati a kunja amene anagona m'mahositelo athu, ndipo ndi angati mwa opitawo amene amalipiriridwa ndi ngongole ya boma. Mtolankhani woitanidwa kukajambula chithunzi cha timbendera tija afunsenso chimodzimodzi, ndipo alembe tsiku mu kabuku kake loti adzabwerere chaka chamawa kudzafunsa mayina a ana amene anakwera basi.